LAMULO LOPANGIDWA MWINI MUDZI KULIBE

1. Pa bwalo la ku Lobi

Munthu wochokera ku Lilongwe akafika pa Linthipe, napatuka kuloza kumadzulo, amayenda m'dziko la mapiri ndi madambo kufikira atafika pa Lobi, m'dziko la Inkosi Kachere, m'boma la Dedza. Kumeneko kumazizira kwambiri m'miyezi ya June ndi July. Anthu ake ndi alimi a chimanga, nyemba, mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato, ndipo malire a dziko la Mozambique sali patali.

M'midzi ya kumeneko, monga m'midzi yonse ya Achewa ndi Angoni, muli mwambo umene ngakhale mwana audziwa, ndiwo wakuti mlandu sauweruza mwini wake kulibe. Anthu awiri akakangana za malire a munda, nyakwawa sithamangira kugamula iai. Imayamba yaitana eni ake, ndi mboni zao, ndi akuluakulu amene anaona pamene malirewo anaikidwa. Onse akatha kulankhula, pamenepo mfumu imamanga mau. Ndipo wogonja amagonja mtima uli pansi, pakuti liu lake linamveka.

Lamulo la dziko ndi mlandu waukulu koposa wa malire a munda umodzi. Limanena za minda yonse, maukwati onse ndi misonkho yonse. Koma lamulolo silipangidwa pa Lobi. Limapangidwa kutali, m'Nyumba ya Malamulo. Ndipo likatha kupangidwa limafika pa mudzi ngati mvula, munthu osafunsidwa. Amene amalisenza kuti alifotokozere anthu, nalandira zonyoza ngati lili loipa, ndiwo mafumu ndi makhansala. Tsono funso ndi ili: kodi atsogoleri a m'mabomawa ali ndi khomo lolowera kumene lamulo lipangidwa? M'Malawi muno alibe. Khomolo linalembedwa m'malamulo aakulu a dziko, koma linatsekedwa m'chaka cha 2001 munthu asanalowepo ndi mmodzi yemwe. Kutsekako kunali kulakwa, ndipo kuyenera kukonzedwa.

2. Chitaganya nchiani?

Pali njira ziwiri zoyendetsera dziko. Njira yoyamba ndi yakuti mphamvu zonse zikhale ku likulu, ndipo maboma azingolandira zimene likulu lagawa. Malawi ayenda m'njira imeneyi. Njira yachiwiri ndi yakuti zigawo za dziko zikhale ndi boma laolao, ndi nyumba yao ya malamulo, ndi mtsogoleri wao. Koma zigwirizane kukhala ndi Boma limodzi lalikulu loyang'anira zinthu za onse, monga asilikali, ndalama ndi ubale ndi maiko akunja. Njira imeneyi ndiyo itchedwa chitaganya.

Chitaganya chifanana ndi abale amene ali ndi nyumba zao ndi nkhokwe zao, koma khola la ng'ombe nlimodzi. Za m'nkhokwe aliyense adziwa yekha. Koma za khola ayenera kupangana. Ngati mbale mmodzi agulitsa ng'ombe yekha, nauza anzake nkhani itatha, pamenepo ubale wasanduka ukapolo.

Akuluakulu a ku Dedza akamva mau akuti "chitaganya" amagwedeza mutu, ndipo ali ndi chifukwa chake. Iwo, kapena makolo ao, anachiona chitaganya ndi maso. Koma nkofunika kudziwa bwino chimene chinaipa pa chitaganyacho, pakuti wosadziwa chimene chinapha mnzake amakamwa pa chitsime chomwecho.

3. Chitaganya cha 1953

M'chaka cha 1953 Boma la Britain linamanga pamodzi maiko atatu: Southern Rhodesia, amene lero ndi Zimbabwe, Northern Rhodesia, amene lero ndi Zambia, ndi Nyasaland, amene lero ndi Malawi. Likulu linali ku Salisbury, mzinda umene lero utchedwa Harare. Nduna Yaikulu yoyamba inali Godfrey Huggins, ndipo m'chaka cha 1956 analowa m'malo mwake ndi Roy Welensky.

Nyumba ya Malamulo ya Chitaganya inali imodzi yokha, ya mipando 35. Southern Rhodesia anali ndi mipando 17, Northern Rhodesia 11, ndipo Nyasaland 7. M'maiko atatuwo munali anthu akuda oposa 6,000,000, pamene Azungu sanali kufika 300,000. Komabe pa mipando 35 ija ya anthu akuda inali 6 yokha, iwiri ku dziko lililonse. Awiri a ku Nyasaland anali Wellington Manoah Chirwa ndi Clement Kumbikano. Panalibe nyumba yachiwiri yoimira maikowo mofanana. Panalibe mpando wa mfumu. Kotero Nyasaland sakanatha kuletsa lamulo lililonse, ngakhale aphungu ake onse 7 akanakana ndi liu limodzi.

Atsogoleri a Nyasaland anali atakana kale. Misonkhano ya zigawo zitatu ndi msonkhano waukulu wa dziko lonse, mmene munali mafumu ambiri, inakana. Chipani cha Nyasaland African Congress chinakana. Ngakhale Bwanamkubwa wa dziko lino, Geoffrey Colby, anauza akuluakulu ake a ku London kuti sikunali kwanzeru kulowetsamo Nyasaland. Koma misonkhano imeneyo inali yolangiza chabe, ndipo Bwanamkubwa anali wantchito wa Boma la Britain. Kumayambiriro a chaka cha 1953 mafumu ena anaoloka nyanja kupita ku London ndi pempho lao kwa Mfumukazi, ulendo umene anthu wamba anasonkhera ndalama. Sanaloledwe kuonana nayo. Anaonana ndi nduna yoyang'anira maiko a pansi pa Britain, Oliver Lyttelton, nabwerako chimanjamanja.

Pofuna kutonthoza anthu, omanga Chitaganya anaika m'Nyumbamo kabungwe ka anthu 6 kotchedwa African Affairs Board. Nchito yake inali yakuti kakaona lamulo lopondereza anthu akuda, kaliimitse nikalitumize ku London kuti akaliweruze. Anthu anauzidwa kuti kabungweko ndi chishango chao. M'chaka cha 1957 Boma la Chitaganya linabweretsa lamulo lokuza Nyumba kuchoka pa mipando 35 kufika pa 59. Mipando ya anthu akuda inakwera kufika pa 12, koma ambiri a aphunguwo anali oti asankhidwe ndi mavoti amene ochuluka ake anali a Azungu. Kabungwe kaja kanati lamuloli nlatsankho. London sanamve, ndipo lamulo linapita. M'chaka cha 1958 zinachitikanso chimodzimodzi pa lamulo la zisankho. Mbusa Andrew Doig, Mzungu amene anaikidwa kuimira anthu akuda a ku Nyasaland, anatula pansi mpando wake, poona kuti chishango chija chinali cha mapesi.

Ngakhale pa nkhani za chuma zinali choncho. Northern Rhodesia anafuna kuti damu lalikulu la magetsi limangidwe pa mtsinje wa Kafue. Koma m'chaka cha 1955 Boma la ku Salisbury linasankha Kariba. Ndalama zambiri zinapita kumeneko, ndipo nchito yaikulu imene inalingaliridwa pa mtsinje wa Shire inatsalira. Ichi ndicho chinaipa pa Chitaganya: khola linali la onse, koma mfungulo inali m'thumba la mbale mmodzi.

4. Mfumu ikasowa khomo imachita chiani?

Madzi akatsekedwa pa ngalande safa iai, amaboola pena. Mafumu atakanidwa ku London anagwirizana ndi a Congress kupanga bungwe lalikulu lotsogoleredwa ndi Mfumu Mwase ya ku Kasungu. Anapangana kuti asathandizenso Boma pa nchito zake.

Amene anafika nazo patali anali Inkosi ya Makosi Philip Gomani II ya ku Ntcheu, mnansi wa anthu a ku Dedza. Masiku amenewo kunali malamulo a malimidwe, okakamiza anthu kulima mizere yopingasa ndi migula pa mapiri. Wolephera anali kulipitsidwa, pena kuzuliridwa mbeu, pena kumangidwa. Kuteteza nthaka si chinthu choipa, ndipo mlimi wa ku Lobi lero amachita zomwezo mwa yekha. Gomani mwini wake anathandiza Boma pa nchitoyo zaka zambiri. Koma m'mwezi wa May 1953 anauza anthu ake kuti aleke kumvera malamulo a malimidwe, posonyeza kukana Chitaganya. Boma linamulamula kuti abweze mauwo, iye nakana. Pamenepo Boma linamchotsa pa ufumu, nilitumiza apolisi ku Lizulu kuti akamtenge, ngakhale anali munthu wodwala. Anthu anatchinga. Gomani anathawira ku dziko la Apwitikizi, ku Angonia, pamodzi ndi Mbusa Michael Scott; koma Apwitikizi anawabweza. Scott anapirikitsidwa m'dziko muno, ndipo Gomani anamwalira ku chipatala cha Malamulo m'chaka cha 1954, asanabwerere pa mpando wake. M'chaka cha 1953 chomwecho kunabuka zipolowe ku Thyolo ndi kwina kumwera, ndipo anthu 11 anafa.

Apa pali phunziro. Mfumu imene ikanayenera kukana lamulo ndi voti inalikana ndi thupi lake. Ikadakhala ndi mpando wa mphamvu, nkhaniyo ikadathera pa kutsutsana kwa mau. Popeza inalibe, nkhaniyo inathera pa mfuti ndi maliro.

Zotsatira zake zidziwika. Dr. Hastings Kamuzu Banda anabwera kumudzi pa 6 July 1958. Pa 3 March 1959 Boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Anthu oposa 1,000 anamangidwa, ndipo oposa 50 anaphedwa. Chidani chinakula kotero kuti m'chaka cha 1960 anthu ambiri anakana ngakhale katemera wa nthomba, chifukwa zipatala zinali m'manja mwa Boma la Chitaganya. Chinthu chabwino chinakanidwa chifukwa cha dzanja lochipereka. Chitaganya chinatha pa 31 December 1963, chitakhala zaka 10 zokha, ndipo Malawi analandira ufulu pa 6 July 1964.

5. Mmene maiko ena amachitira

Chitaganya cha ku Salisbury chinagwa, koma pali zitaganya zina zimene zakhala zaka zambiri. Chinsinsi chao nchakuti atsogoleri a zigawo ali ndi khomo lolembedwa m'malamulo, limene Boma lalikulu silingathe kutseka.

Ku United States kuli zigawo 50. Nyumba za malamulo ndi ziwiri. M'nyumba yoyamba chigawo cha anthu ambiri chili ndi aphungu ambiri. Koma m'nyumba yachiwiri, yotchedwa Seneti, chigawo chilichonse chili ndi anthu awiri, chikhale chachikulu ngati California kapena cha anthu ochepa ngati Wyoming. Lamulo silipita popanda nyumba zonse ziwiri. Ndipo malamulo aakulu a dziko sasinthika pokhapokha zigawo 38 zitavomera.

Ku Germany kuli zigawo 16. Nyumba yachiwiri itchedwa Bundesrat, ndipo okhalamo ndiwo atsogoleri a zigawo eni ake ndi nduna zao. Mavoti onse ndi 69, chigawo chilichonse kuyambira 3 kufika 6, ndipo chigawo chimaponya mavoti ake onse mbali imodzi. Lamulo lokhudza ndalama za zigawo kapena nchito zao silingapite nyumbayi itakana. Chifukwa cha ichi Boma la ku Berlin limayamba lakambirana ndi atsogoleriwo lamulo lisanalembedwe nkomwe.

Ku South Africa, dziko limene amuna ambiri a ku Dedza alidziwa chifukwa cha nchito, kuli zigawo 9. Chilichonse chimatumiza nthumwi 10 ku nyumba yachiwiri, motsogozedwa ndi mkulu wa chigawocho. Mphamvu ya nyumbayi inaoneka pa lamulo la mabwalo a mafumu. Boma linalibweretsa m'nyumbamo m'chaka cha 2012. Zigawo zinayenda m'midzi kufunsa anthu, ndipo ambiri, makamaka amai, anati lamulolo lipatsa mafumu mphamvu zopitirira. Zigawo zambiri sizinalivomere, ndipo linafa m'chaka cha 2014. Boma linalilembanso mwatsopano. Wowerenga aone bwino apa: nyumba ya zigawo sinateteze mafumu iai, inateteza anthu a m'midzi.

Koma pasakhale kubisa. Mphamvu ya atsogoleri a zigawo ingathe kugwiranso nchito yoipa. Ku Nigeria kuli zigawo 36, ndipo malamulo aakulu sasinthika popanda nyumba za zigawo 24 kuvomera. Kangapo konse kunayesedwa kuti makhonsolo a m'midzi, amene alipo 774, azilandira okha ndalama zao osadzera m'manja mwa abwanamkubwa a zigawo. Koma nyumba za zigawozo, zimene zimamvera abwanamkubwa, sizinalole. Nkhaniyo inakagamulidwa ndi bwalo lalikulu la milandu m'chaka cha 2024. Kotero khomo liyenera kukhalapo, koma liyeneranso kukhala ndi malire.

6. Khomo limene Malawi anatseka

Malawi si chitaganya. Kuyambira chaka cha 2014 anthu ena, makamaka a kumpoto, akhala akupempha kuti dziko ligawidwe m'zigawo zodzilamulira. Ena akana, poopa kuti dziko lingang'ambike. Mkanganowo ngwaukulu, ndipo sungathe lero. Koma pali chinthu chimene onse awiri aiwala: dziko silisowa kukhala chitaganya kuti lipatse atsogoleri a m'maboma mpando. Zimbabwe si chitaganya, koma m'Seneti yake ya mipando 80 muli mafumu 18. Zambia ndi Botswana si zitaganya, koma ali ndi nyumba za mafumu zimene zimalangiza pa malamulo a miyambo.

Amene analemba malamulo aakulu a Malawi m'chaka cha 1994 anadziwa ichi. Anaika nyumba ziwiri. Yachiwiri inali Seneti ya anthu 80. Maboma panthawiyo anali 24. Khonsolo ya boma lililonse inayenera kusankha munthu mmodzi. Mafumu a boma lililonse anayenera kusankha mfumu imodzi mwa iwo okha. Ndipo otsala 32 anayenera kuchokera ku mabungwe a amai, a olumala, a alimi, a antchito, a zamalonda, a zaumoyo, a zamaphunziro ndi a zipembedzo. Nchito ya nyumbayi inali kuunika malamulo ochokera kwa aphungu, kuwavomera kapena kuwabweza kuti akakonzedwe. Ikadakhalapo, Dedza akadakhala ndi anthu awiri m'menemo: mmodzi wosankhidwa ndi khonsolo, wina wosankhidwa ndi mafumu monga Kachere, Kaphuka, Kasumbu, Kamenyagwaza ndi Kachindamoto.

Nyumbayo sinakhale pansi ngakhale tsiku limodzi. Poyamba anati idikire zisankho za makhansala. Zisankhozo zinachitika m'chaka cha 2000. Ndipo m'chaka cha 2001, pamene nthawi yoitsegula inakwana, aphungu anaifafaniza m'malamulo aakulu. Chifukwa chimene chinanenedwa nchakuti dziko nlosauka. Anthu sanafunsidwe. Aphungu anaweruza okha mlandu wa nyumba imene inayenera kuyang'anira iwo omwe. Kodi pa bwalo la ku Lobi mbuzi ingaloledwe kugamula ngati munda ufunika mpanda?

Chaka chotsatira chinasonyeza kuopsa kwake. M'mwezi wa July 2002 kunabwera lamulo lakuti Mtsogoleri wa dziko aziima pa zisankho mopanda malire. Linasowa mavoti 3 okha kuti lipite. Dziko linapulumuka ndi kangachepe, popanda nyumba yachiwiri yoti iimitse. Pambuyo pake makhonsolo omwe anasiyidwa: kuyambira 2005 kufikira 2014 m'dziko muno munalibe makhansala. Ndipo lamulo la maboma ang'ono la 1998 limalola mafumu kukhala pa msonkhano wa khonsolo, koma opanda voti.

7. Khomo la kuseri

Khomo la kutsogolo likatsekedwa, anthu amadzera kuseri. Mafumu a m'Malawi sanaleke kukhudza malamulo, angosintha njira. Lamulo la mafumu la 1967 lipatsa Mtsogoleri wa dziko mphamvu yovomereza mfumu, yoikweza ndi yoichotsa, ndipo mswahala wake uchokera ku Boma. Chifukwa cha ichi, pakabuka nkhani yaikulu, Boma lililonse limene lili pa mpando limasonkhanitsa mafumu, niliwaika pa wailesi kuti anene kuti anthu ao avomera. Anthuwo sanafunsidwe. Mfumu yolankhula zosiyana imaopa kuti mnzake adzakwezedwa, iyo nitsala. Khomo la kuserili lichotsa ulemu wa ufumu, ndipo silithandiza mlimi.

Komabe Dedza yemweyo wasonyeza chimene mfumu yolimba mtima ingachite. Theresa Kachindamoto analowa ufumu m'chaka cha 2003. Anapeza ana aakazi ambiri ali pa banja asanakhwime. Anagwirizana ndi nyakwawa zake kuti mchitidwewo uthe, anathetsa maukwati a ana mazanamazana, nabwezera anawo ku sukulu, ndipo nyakwawa zosamvera anaziimitsa. Liu lake, pamodzi ndi la mabungwe a amai ndi la atsikana eni ake, linafika ku Lilongwe. M'chaka cha 2015 kunapangidwa lamulo la maukwati loika zaka 18, ndipo m'chaka cha 2017 malamulo aakulu omwe anasinthidwa kuti agwirizane nalo. Apa nzeru inachokera ku mudzi kupita ku likulu. Koma inatenga zaka zoposa khumi, ndipo inadalira mtima wa munthu mmodzi. Dziko silingamange malamulo ake pa mwai wakuti kwinakwake kubadwe munthu wolimba mtima.

Nkhani ya malo isonyeza mbali inayo. M'chaka cha 2016 aphungu anapanga malamulo atsopano a malo, kuphatikizapo la malo a makolo, lonena za kulembetsa minda ndi za makomiti ogawa malo. Mafumu ambiri anadandaula kuti sanafunsidwe mokwanira. Ena anali kulira mphamvu zao chabe. Ena anali ndi mafunso enieni, monga a minda ya mbumba ku midzi ya chikamwini, kumene munda uyenda kuchokera kwa mai kupita kwa mwana wamkazi. Panalibe nyumba yoti isefe madandaulowo, kusiyanitsa mankhusu ndi chimanga. Malamulowo anasainidwa, mkangano unapitirira, ndipo m'chaka cha 2022 anabwereranso ku Nyumba kukakonzedwa. Chimene chikanakonzedwa m'miyezi yochepa chinadya zaka 6. Safunsa anadya phula.

8. Zimene otsutsa amanena

Otsutsa amati Seneti idzadya ndalama zambiri. Nzoona kuti idzadya ndalama. Koma Nyumba ya aphungu inali ndi mipando 177 m'chaka cha 1994, inafika pa 193 m'chaka cha 1999, ndipo pa zisankho za 2025 inafika pa 229. Ndalama za mipando 52 yoonjezerayo zinapezeka. Umphawi umakumbukika pokhapokha pamene mpando uli wa wina. Ndiponso nyumba yachiwiri siyenera kukhala pansi chaka chonse, kapena kugulira anthu ake magalimoto.

Amatinso mafumu sasankhidwa ndi anthu, kotero sayenera kupanga malamulo. Mau awa ali ndi mphamvu, ndipo sayenera kunyozedwa. Koma m'Seneti ya 1994 mafumu anali 24 pa anthu 80, ndipo sakanatha kugamula okha kanthu. Kuonjezera apo, mafumu akhudza kale malamulo kuseri, kumene palibe awaona. Nkwabwino kuti mfumu iponye voti poyera, dzina lake lilembedwe, ndi kuti ikabwera kumudzi anthu aifunse kuti, "Gogo chalo, munavomeranji lamulo ili?" Mfumu ya pa wailesi palibe angaifunse.

Ena amati nyumba yotere idzakuza tsankho la mitundu ndi zigawo. Koma tsankholo lakula kale popanda Seneti. Limakula pamene anthu aona kuti mseu, chipatala ndi feteleza zimatsata kwao kwa wolamula. Nyumba imene Chitipa, Dedza ndi Nsanje akhala mofanana ndiyo mankhwala a nthendayo.

Ndipo ena amati aphungu alipo kale, oimira Lobi ndi madera onse. Alipodi. Koma phungu amalowa ndi chipani, ndipo pa voti amayang'ana nkhope ya mtsogoleri wa chipanicho. Ambiri amakhala ku mzinda, nabwera kumudzi pa maliro ndi pa zisankho. Mfumu ndi khansala amagona kumene lamulo limaluma. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

9. Chimene chiyenera kuchitika

Seneti ibwezedwe, koma ndi zikhomo zinai zoilimbitsa, zimene mbiri yaphunzitsa.

Choyamba, mfumu yokakhala kumeneko isankhidwe ndi mafumu anzake a m'boma lomwelo, osati ndi Mtsogoleri wa dziko.

Chachiwiri, mfumu isachotsedwe, isatsitsidwe, kapena kulandidwa mswahala chifukwa cha mau ake kapena voti yake m'nyumbamo. Za Gomani zisachitikenso.

Chachitatu, mphamvu yake ikhale yeniyeni, isakhale ya mapesi ngati ya kabungwe ka ku Salisbury. Lamulo la malo, la maukwati, la miyambo, la ndalama za maboma, ndi kusintha kulikonse kwa malamulo aakulu, zisapite nyumbayi isanazione, ndipo ikhale ndi mphamvu yozibweza.

Chachinai, mphamvuyo ikhale ndi malire, kuti zisafanane ndi za ku Nigeria. Nyumbayo ichedwetse ndi kukonza, koma isaphe lamulo mpaka muyaya. Ndipo anthu ake asanavote pa nkhani yaikulu, ayambe akhala pa bwalo ndi anthu a kwao, amai ndi achinyamata omwe.

Aphungu sadzabweza okha chinthu chimene anachichotsa okha. Chidzabwera pokhapokha anthu atachifuna ndi kuchinena. Munthu amene waphunzira kuwerenga ali wamkulu ali nacho chida chimene makolo ake a 1953 ambiri analibe. Angathe kuwerenga yekha malamulo aakulu a dziko, pakuti anamasuliridwa m'Chichewa. Angathe kulemba kalata kwa phungu wake. Ndipo wofuna voti akadzaima pa msika wa Lobi kulonjeza mijigo ndi milatho, mlimiyo angathe kuimirira mwaulemu ndi kufunsa kuti, "Bambo, nanga za Seneti mukuti bwanji?" Yankho lake alisunge, ndipo adzalikumbuke tsiku loponya voti.